Wotsika Nafe M'keji

Iwambe pamoto ng'omayo, mwana wanga, chikopa chikungike. Mbalule atsogole, gunda avomere, amayi a chigwirizano akonze mmero wa nthungululu. Lero Chamboli akutamanda Mwini nthaka ndi zonse za kunsi kwake.

Inu Chauta! Inu Namalenga! Mphambe wa ziphaliwali, amene anansi athu Abemba amakutchani Lesa, ife ochokera kum'mawa n'kumati Mulungu, Inu n'kumayankha konsekonse. Wobisa mkuwa m'thanthwe munthu asanaumbidwe. Wotsika nafe m'keji ya mgodi. Nyali yosatha moto ngakhale mu mdima wa ndiwe yani. Mzati wosafumbwa, wochirikiza denga la mwala pamene matabwa ndi zitsulo zalema. Ng'oma ivomere: ndinu, ndinu!

Mperekezi wa apaulendo, ndinu munatenga agogo anga aamuna ku Katete, kathumba paphewa, n'kudzawatula pa Nkana asakudziwa ngakhale moni wa Chibemba. Kuno ku Kopala anapeza kuti mwafika kale. Anthu a m'migodi, ena ochokera ku Nyasaland, ena ku Luapula, anali atayamba okha kusonkhana m'dzina lanu osadikira mzungu wa mishoni, ndipo pa Mindolo pomwepo mu 1965 mipingo inagwirana manja n'kubala United Church of Zambia. Wosonkhanitsa malilime pa mphasa imodzi, tikukuombani m'manja.

Mantha tikuwadziwa, Atate, takula nawo ngati mwana wa m'nyumba. Mkazi wa ku Chamboli amadziwa kuwerenga nthawi popanda wotchi. Bambo akatuluka ndi chisoti ndi majombo, chingwe n'kuwatsitsa kupitirira kilomita yathunthu kunsi kwa mapazi athu, mtima wa mayi umatsala uli m'mwamba mpaka chitseko chigogodwe. Amayi anga ankasiya mthiko mumphika galimoto yachilendo ikaima pamsewu. Ankakumbukira usiku wa pa 25 Sepitembala 1970, pamene matope anaboola denga la mgodi ku Mufulira n'kumiza amuna 89. Ankati tsiku limenelo Kopala yense anangoti kakasi, komabe m'mawa mwake amuna anavalanso zisoti, chifukwa ana safuna kumva za mantha, amafuna nsima. Ndinu munakweza miyendo yonjenjemera ija. Wolimbitsa mawondo a wopita ku shifiti! Mwamuna wa akazi amasiye, amene manda a ku Chamboli sangakutsekereni, pakuti anu munawasiya apululu tsiku lachitatu. Gunda, vomera!

Wosunga ufa pansi pa thumba. Mu 2015 mtengo wa mkuwa unagwa, madzi anatsika ku Kariba, magetsi n'kumazima, ndipo amuna zikwizikwi anabwerera kunyumba ndi kalata yowachotsa ntchito m'manja. Akunyumba kwanga anali m'gulumo. Ndinkadzuka pakati pa usiku kukagwedeza thumba la ufa kuti ndimve ngati likadalemera. Ndinayala tomato ndi kapenta pathebulo la panjira, ndipo ana sanasiye sukulu. Wodyetsa Eliya ndi makwangwala, makwangwala anu kuno anali amayi a mumpingo, obwera ndi kambale kovundikira dzuwa litalowa kuti ndisachite manyazi.

Woona chimene phiri lakwirira, pa Black Mountain ku Wusakile, apa pafupipa, chimulu chinagumuka mu Juni 2018 n'kupha anyamata osachepera 10 amene ankafukula chakudya chawo m'zotsalira za mkuwa. Maina awo ali m'dzanja lanu.

Tsopano ng'oma itsike mawu, chifukwa apa ndikuulula. Kumayambiriro kwa 2020 mphekesera inachokera ku Chingola yoti kuli anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku, ndipo inathamanga ngati moto wa lupsa mpaka ku Lusaka. Tinatseka mazenera ndi nsanza. Amuna ankachezera pamphambano ndi zibonga, ana ankagona atavala nsapato, galu akauwa komboni yonse inkadzuka. Mantha amenewo anali oipa kuposa a pansi pa mgodi, chifukwa a mgodi amatigwirizanitsa, pamene awa anatisandutsa zilombo. M'madera ambiri anthu anagendedwa ndi kutenthedwa popanda wowafunsa dzina, ena odwala mutu, ena alendo ongofunsa njira. Inenso usiku wina mfuu itamveka ndinatuluka mwala uli m'manja. Pakati pa gulu panali mnyamata wosadziwika, milomo ikunjenjemera, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Mayi wina wokalamba wa mumpingo mwathu anadzaima patsogolo pake, chitenje chokha m'chiuno, n'kuyamba kupemphera mokweza, kutchula dzina lanu mobwerezabwereza mpaka mawu anasasa. Mwala wanga unagwa wokha. Mnyamatayo anakaperekedwa wamoyo kwa apolisi, ndipo ndinalira mpaka tambala woyamba.

Wogwira dzanja lonyamula mwala! Wolemba pansi ndi chala pamene ogenda azungulira! Wopatsa nkhalamba mtima wa mkango, wotseka pakamwa pa mikango ya Danieli, ndi ya m'chifuwa mwanga momwe. Gogo uja analibe chibonga, analibe tochi, anali ndi Inu basi, ndipo ndi iye yekha pagulu lonselo amene sankanjenjemera. Mbalule, kwera! Amayi, nthungululu!

Kasupe wosathiridwa poizoni. Pa 18 Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi linaphulika ku Chambishi, asidi n'kutsikira mu Mwambashi mpaka mu Kafue. Nsomba zinayandama chagada, minda ya m'mbali mwa mtsinje inapsa, mipopi ya mu Kitwe inatsekedwa. Tinanyamula zigubu kusaka zitsime. Kukukhulupirirani sikunatitseke pakamwa. Kunatipatsa mawu ofunsa eni migodi ndi aboma kuti mtsinje wa ana athu ausamala liti. Mwini Kafue ndinu, ndipo wosauka wodziwa zimenezi amayang'ana bwana m'maso.

Mthunzi wa mkuyu pa Okutobala. Khoma la amene nyumba yake ili ndi ming'alu. Mlonda wosawodzera wa Chamboli, Wusakile, Ndeke ndi Luangwa. Wogona m'ngalawa namondwe ali pakati, wodzuka n'kuuza nyanja kuti zii. Yesu, M'bale wathu wamkulu, amene munatuluka thukuta la mantha ku Getsemane koma osathawa, nthumanzi yathu simuinyoza, mumaidziwa kulemera kwake.

Ng'oma ipume, manja atupa. Mawa m'bandakucha mwana wanga woyamba akulowa shifiti yake yoyamba pansi. Majombo ndapukuta, chakudya ndamanga kale. Atate, lowani naye m'kejimo, ndipo madzulo mudzandigogodere naye chitseko.