Buku la WHO la 2012 ndi amene amamanga zilonda ku Khonjeni

Mu 2012 bungwe la WHO lidatulutsa buku lolangiza za ukhondo wa m'manja posamalira odwala pakhomo ndi m'malo osungirako okalamba. Bukuli lidachokera ku malangizo a 2009 a nthawi zisanu zoyeretsa m'manja. Pa zilonda, mfundo yake ndi yolondola: magolovesi salowa m'malo mwa kusamba m'manja. Mukachotsa bandeji ya mafinya, vulani magolovesi, yeretsani m'manja, kenako mugwire bandeji yatsopano. Mukadumpha pamenepa, tizilombo tomwe mwachotsa timabwerera pabala.

Vuto ndi lakuti bukuli limalankhula makamaka kwa ogwira ntchito zachipatala. Ku Khonjeni, monga m'madera ambiri a Thyolo, gogo wakufa ziwalo kapena wa chilonda cha shuga amagona kwawo. Amene amamutsuka tsiku ndi tsiku ndi mwana wake wamkazi, mdzukulu kapena volontiya, nthawi zina atangoweruka kothyola tiyi. Malangizo olembedwa m'Chingerezi sawafika anthu amenewa, ngakhale kuti ndi manja awo amene amakhudza bala.

Bukuli limadaliranso kwambiri mankhwala opaka m'manja a spiriti. Amagwiradi ntchito msanga, masekondi 20 mpaka 30, pomwe sopo ndi madzi zimafuna 40 mpaka 60. Koma pakhomo pamene sopo yemweyo amagulidwa movutikira, botolo lotere silikhalitsa. Chodabwitsa n'chakuti dziko lathu limapanga ethanol ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo WHO idapereka kale njira yosakanizira mankhwalawa. Chotsala ndi dongosolo loti afike m'chikwama cha volontiya.

Palinso chizolowezi chathu chomwe bukuli silikuchidziwa: kusambira m'beseni limodzi. Madzi amenewo amangopatsira dothi kwa wotsatira. Wothandiza athire madzi ndi kapu, kapena pakhale mpondagiya pafupi ndi pogona wodwala.

Choncho bukuli tiligwiritse ntchito, koma tisaliyese lokwanira. Alangizi a zaumoyo ndi mavolontiya, mukafika pakhomo musangomanga bala n'kumapita. Muuzeni wosamalirayo amange mukuona, ndipo muonetsetse ngati akusamba m'manja pakati pa bandeji yakale ndi yatsopano. Bala likatupa, likayamba kununkha, kapena wodwala akatentha thupi, apite naye kuchipatala cha Khonjeni tsiku lomwelo.