Phunziro la pa foni: nkhani ndi ya ndani, liwu ndi la ndani?

Sukulu zitatsekedwa mu Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, maphunziro ena adayamba kuyenda pa wailesi ndi pa foni. Sukulu zidatsegulidwanso, koma chizolowezi chojambula mawu ndi kuwatumiza pa WhatsApp chidatsala. Ena amachitcha podcast. Kwa mphunzitsi wa kalasi ya Chinyanja ndi Chipwitikizi ku Zóbuè kapena kwina m'boma la Moatize, njirayi ndi yokopa: mabuku a Chinyanja amachepa, pamene foni ili m'thumba. Mwana amamva kawerengedwe kabwino, amabwereza kunyumba, ndipo kholo losadziwa Chipwitikizi limamvanso zimene mwana wake akuphunzira.

Ubwino umenewu ndi weniweni. Chigawo cha Tete chidayesa kale kuphunzitsa mu Chinyanja pa ntchito ya PEBIMO, kuyambira 1993 mpaka 1997, ndipo ku Malawi pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere idaonetsa kuti phunziro lomvera limathandiza m'makalasi oyamba. Koma phunziro la pa wailesi limadutsa m'manja mwa alembi ndi akonzi lisanaulutsidwe. La pa foni limachoka m'manja mwa munthu mmodzi, nthawi zambiri usiku, popanda wina womufunsa mafunso. Apa ndi pamene njirayi imafooka.

Funso loyamba ndi la umwini. Zóbuè ali pamalire ndi Mwanza, ndiye mabuku ndi nyimbo za ku Malawi zimafika mosavuta. Mphunzitsi akawerenga buku lonse la mlembi wa ku Malawi, n'kuikapo nyimbo ya woimba wotchuka kumayambiriro, amaganiza kuti palibe cholakwika popeza sakugulitsa. Lamulo silipita kutali chotero. Lamulo la umwini wa zolemba ku Mozambique, Lei n.º 4/2001, lomwe lidalowedwa m'malo ndi Lei n.º 9/2022, ndiponso Copyright Act ya 2016 ku Malawi, amateteza mlembi ndi woimba. Malamulo otere amalola kugwiritsa ntchito kachigawo kochepa pophunzitsa, potchula dzina la mwini wake. Kuwerengera ana m'kalasi ndi chinthu china, kufalitsa buku lonse pa intaneti ndi chinanso. Ku Malawi bungwe la COSOMA, ndipo ku Mozambique la SOMAS, lilipo kuti alembi ndi oimba apindule ndi thukuta lawo. Mabuku a Chinyanja ndi ochepa kale; mlembi akaona kuti sapezapo kanthu, salembanso lina.

Pali vuto linanso pa zobwereka. Buku la ku Malawi limalemba "ch" pamene kalembedwe ka ku Mozambique kamalemba "c", monga mu Cinyanja. Limawerenga ndalama mu kwacha, ndipo likukonzekeretsa mwana kulowa m'Chingerezi. Mwana wa ku Zóbuè amagula ndi metical ndipo mayeso ake am'tsogolo adzakhala m'Chipwitikizi.

Funso lachiwiri ndi lolemera kwambiri, chifukwa likukhudza ana. Phunziro limakoma mukamveka liwu la mwana, motero mphunzitsi amauza mtsikana wa kalasi yachitatu kuti atchule dzina lake, mudzi wake ndi sukulu yake asanawerenge. Mawuwo akalowa m'gulu la WhatsApp, aliyense angathe kuwatumiza kwina, ndipo mphunzitsi sangawabwezenso. Manambala a foni a makolo amaonekera kwa ena m'gululo. Mumsewu wa Tete kupita ku Blantyre mumadutsa anthu ambiri achilendo tsiku lililonse. Dzina, mudzi ndi nthawi yoweruka ndi zokwanira kuti munthu woipa apeze mwana. Ngakhale popanda zoopsa zotere, mwana amene adachita chibwibwi pa mawu a Chipwitikizi angasekedwe nazo kwa zaka. Lei n.º 7/2008 imaika udindo woteteza mwana pa akuluakulu omuyang'anira, ndipo mphunzitsi ali m'gulu limenelo.

Zonsezi sizikutanthauza kuti foni ibwerere m'thumba. Mphunzitsi alembe yekha nkhani zazifupi za kumunda, za kumsika ndi za kuchigayo. Akafuna nthano kwa agogo a m'mudzi, awapemphe mwaulemu, awafotokozere kumene mawu awo adzafike, ndipo awatchule ngati eni nkhani. Pa African Storybook pali nthano zambiri za ana, zina m'Chichewa, zokhala ndi chilolezo cha Creative Commons, chomwe chimalola kuwerenga, kumasulira ndi kugawana bola mlembi atchulidwe. M'malo mwa nyimbo ya pa wailesi, ana aimbe okha ndi kuomba m'manja. Liwu la mwana lijambulidwe makolo ndi mkulu wa sukulu atavomera, popanda dzina lonse, mudzi kapena chithunzi, ndipo ana awerenge pagulu m'malo mwa mmodzimmodzi.

Ndi bwinonso kuti phunziro lisanatumizidwe, mphunzitsi mnzake alimvere kaye mpaka kumapeto. Mphindi zisanu zimenezo zimagwira ntchito ya mkonzi wa pa wailesi, amene foni ilibe.