Kodi Mliri Unaima pa Mlatho wa Songwe?

Aliyense amene amachedwa pakhonde la mzikiti kuno ku Karonga ikatha Swala ya Lachisanu, kapena amene amakwera minibasi yopita ku Songwe, anaimvapo mfundo iyi. Akuti anzathu a ku Tanzania anapulumuka ku mliri wa Covid-19 chifukwa sanachite mantha, sanatseke nyumba zopemphereramo, ndiponso sanathamangire katemera, pamene ife tinamvera zonse zimene anatiuza koma n'kufabe ambiri. Wonena zimenezi sabwera chimanjamanja. Amatulutsa foni n'kukuonetsani ndandanda wa mayiko umene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linasonkhanitsa. M'menemo Malawi ali ndi anthu 2,686 omwalira ndi mliriwu, Zambia ali ndi oposa 4,000, Mozambique oposa 2,200, koma Tanzania 846 okha. Kalembera wa 2022 anapeza kuti Tanzania ili ndi anthu oposa 61 miliyoni, pafupifupi katatu kuchuluka kwa ife. Mukawerengera bwino, ndandandawu ukunena kuti mliri unapha Amalawi kakhumi kuposa mmene unaphera Atanzania. Ndandanda umenewu ndiwo tikufuna kuuzenga mlandu, pakuti ambiri akuutenga ngati chiweruzo chomaliza, pamene ndi mboni chabe yofunika kuifunsa mafunso.

Ku madrasa timaphunzitsa ana kuti Hadith siilandiridwa chifukwa mawu ake ndi okoma. Akatswiri akale ankayamba afufuza mndandanda wa anthu amene anaifikitsa kwa ife: anamva ndani, kwa yani, kodi anakumanadi, kodi anali wosunga bwino zimene wamva? Unyolowo ukaduka penapake, Hadith imatchedwa yofooka ngakhale itakhala yosangalatsa motani. Nambala nayonso ili ndi unyolo wake. Kuti munthu alembedwe kuti wamwalira ndi Covid-19, anayenera kudwala, kufika kuchipatala, kuyezedwa, zotsatira zake kutuluka, imfa yake kulembedwa, kenako boma kuvomera kutumiza chiwerengerocho kunja. Mfundo imodzi ikaduka, munthuyo amasowa m'ndandanda, ngakhale manda ake alipo ndipo ana ake akulira.

Tiyambe ndi unyolo wa ku Tanzania. Wodwala woyamba anapezeka ku Arusha pa 16 Malichi 2020, ndipo kwa masabata angapo boma linkalengeza ziwerengero monga mayiko ena onse. Kumayambiriro kwa Meyi, Pulezidenti John Magufuli anakayikira poyera labotale ya dziko lake, ponena kuti zoyeza za papaya ndi mbuzi zinatuluka zoonetsa kachilombo. Kuyambira nthawi imeneyo chiwerengero chinaima pa odwala 509 ndi omwalira 21, ndipo mu Juni iye analengeza kuti mliri watha m'dzikomo chifukwa cha mapemphero. Nambala ziwirizi zinakhala osasuntha kwa chaka chathunthu ndi kupitirira. M'miyezi imene Malawi ankalengeza odwala ndi omwalira tsiku ndi tsiku, tsamba la Tanzania linali lopanda kanthu. Choncho 846 ija ndi chiwerengero cha masabata oyamba ndi miyezi yomaliza, pakati ponse pali bowo. Kuiyerekeza ndi 2,686 kuli ngati kuyerekeza nsomba za asodzi awiri, pamene wina analemba za chaka chonse ndipo mnzake anataya kope nthawi ya usipa wambiri.

Umboni wa zimene zinkachitika m'bowomo unatuluka ndi njira zina. Pa 17 Febuluwale 2021 anamwalira Maalim Seif Sharif Hamad, wachiwiri woyamba kwa pulezidenti wa Zanzibar, chipani chake chitalengeza poyera kuti wapezeka ndi Covid-19. Kumayambiriro kwa Malichi, bungwe la maepiskopi a Katolika m'dzikomo linanena kuti ansembe oposa 25 ndi masisitere 60 anamwalira m'miyezi iwiri yokha, ambiri ndi vuto la kupuma. Magufuli mwini anamwalira pa 17 Malichi 2021. Boma linati ndi matenda a mtima, ndipo ife sitiwonjezera pa zimenezo, pakuti za womwalira sitiyenera kuzinena mongoganizira. Chimene tikudziwa n'chakuti wolowa m'malo mwake, Samia Suluhu Hassan, anasintha njira: boma linayambanso kutulutsa ziwerengero, ndipo iye analandira katemera pamaso pa anthu pa 28 Julayi 2021. Dziko lopanda mliri silikanafunika kuchita zimenezi. Anzathu olankhula Chiswahili ali ndi mwambi wakuti wobisa matenda imfa imamuulula.

Ife a ku Karonga tinayenera kukhala oyamba kukayikira ndandandawu, chifukwa malire tikuwadziwa ndi maso. Mtsinje wa Songwe ndi waung'ono, ndipo umasintha njira yake nyengo ya mvula. Angonde a kuno ndi Anyakyusa a ku Kyela amamvana chilankhulo, amakwatirana, amaikana maliro. Amayi amapita ku Kasumulu kukaoda zitenje m'mawa n'kubwerera madzulo, mpunga wa ku Kaporo umawoloka, matanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amatsika mumsewu wa M1, ndipo pa munthu mmodzi wodutsa pa mlatho pali ena owoloka pa bwato pamene palibe wofunsa chiphaso. Kachilombo kofala ndi mpweya sikangaphe kakhumi tsidya lino kuposa tsidya lija pamene anthu ake akudyera mbale imodzi. Chimene chinasiyana pa Songwe ndi kalembedwe.

Koma tikaima pamenepa tikhala tachita chinyengo chathuchathu, ngati kuti nambala ya Malawi ndi yangwiro. Odwala atatu oyamba analengezedwa pa 2 Epulo 2020. Boma la Peter Mutharika linafuna kutseka dziko masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma Khoti Lalikulu linaletsa, bungwe la HRDC litadandaula kuti osauka sanakonzeredwe chakudya. Kenako kunabwera misonkhano ya kampeni ndi chisankho cha pa 23 Juni. Mu Meyi, anthu mazana angapo obwerera kuchokera ku South Africa anathawa pa Kamuzu Stadium ku Blantyre zotsatira zawo zisanatuluke, n'kupita kumidzi kwawo. Choncho mfundo yakuti Malawi anadzitsekera pamene Tanzania anali womasuka ndi yofooka: m'misika ya Karonga ndi Kyela moyo unkayenda mofanana. Mliri unadzationetsa ukali wake mu Januwale 2021, pamene nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi pa 12 Januwale, ndipo zipatala zinkasowa mpweya wa okosijeni.

Malawi analemba odwala osakwana 90,000, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 200. Komatu kuno kwathu konkuno kuli umboni wotsutsa. Ku Chilumba kuli ofufuza a MEIRU, amene ntchito yawo inayamba mu 1979 ndi matenda a khate, ndipo kuyambira 2002 amalemba kubadwa ndi kumwalira kwa anthu a m'midzi yozungulira. Atayeza magazi a anthu a m'deralo, anapeza kuti kumayambiriro kwa 2021 pafupifupi mmodzi mwa anayi anali ndi chizindikiro chakuti thupi lake linakumanapo ndi kachilomboka, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022 anali pafupifupi asanu ndi anayi mwa khumi. Ena mwa iwo anali atalandira katemera, koma katemera anafika kwa anthu ochepa kwambiri kuti afotokoze kukwera konseku. Za imfa, phunziro likuchokera ku Lusaka. Pakati pa Juni ndi Seputembala 2020, madokotala anayeza mitembo 364 m'nyumba yachisoni ya University Teaching Hospital, napeza kachilomboka mwa 70. Mwa amenewa, 51 anafera kunyumba, ndipo asanu ndi mmodzi okha ndiwo anayezedwa ali moyo. Ngati zinali choncho mumzinda waukulu wa Zambia, nanga ku Wiliro kapena ku Nyungwe?

South Africa imaoneka yoipitsitsa m'ndandanda, ndi omwalira oposa 100,000. Gawo lina n'loona, popeza kuli okalamba ambiri ndiponso odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Gawo lina n'lakuti dzikolo limalemba pafupifupi imfa iliyonse, moti akatswiri ake anatha kuyerekeza ndi zaka zam'mbuyo n'kupeza kuti imfa zoonjezera zinali pafupifupi 300,000. WHO yomwe inavomera mu Meyi 2022 kuti imfa zoonjezera padziko lonse mu 2020 ndi 2021 zinali pafupifupi 14.9 miliyoni, pamene zolembedwa zinali 5.4 miliyoni. Choipa china cha ndandanda wotere n'chakuti umalanga wonena zoona. Asayansi a ku Botswana ndi South Africa atalengeza mtundu wa Omicron mu Novembala 2021, Britain ndi America anatsekera khomo mayiko a chigawo chino, Malawi ali momwemo. Mtsogoleri woona zimenezi amaphunzira kuti kubisa kuli ndi phindu, ndipo mlandu umenewo ndi wa mayiko olemera.

Kodi tsono kuyerekeza mayiko n'kopanda ntchito? Ayi, koma tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ndandanda umasakaniza. Kufala kwa mliri kunali kwakukulu paliponse pamene anayeza magazi. Ukali wake, kutanthauza kuchuluka kwa omwalira mwa odwala, ukuoneka kuti unali wocheperapo kuno poyerekeza ndi ku Ulaya, makamaka chifukwa theka la Amalawi ndi ana osakwana zaka 18, ndipo matendawa ankapha kwambiri achikulire. Tivomerenso kuti nkhawa ya Magufuli yakuti wogulitsa mandasi sangakhale m'nyumba masabata atatu inali ndi nzeru, ndipo khoti lathu linaona chimodzimodzi. Kusatseka msika ndi chisankho chimene anthu angakambirane. Kusiya kuwerenga akufa n'kulanda anthu chida chokambirana nacho.

Za mapemphero tiyankhule mosamala, pakuti sitikayika mphamvu ya dua. Koma mbiri yathu ili ndi chitsanzo. M'chaka cha 18 cha Hijra, mliri wa Amwas utabuka ku Sham, Khalifa Umar anali paulendo wopita kumeneko. Atafika ku Sargh n'kumva za mliriwo, anafunsa uphungu wa Maswahaba ndipo anabwerera ku Madina, mogwirizana ndi chiphunzitso cha Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) choletsa kulowa kapena kuthawa dera la mliri. Mu mliri womwewo anamwalira Abu Ubaidah ndi Mu'adh bin Jabal, ndipo palibe angati mapemphero awo anali ochepa. Mayina awo tikuwadziwa lero chifukwa Asilamu a nthawiyo sanabise. Umar anatha kubwerera chifukwa wina anamuuza zoona panjira.

Apa mpamene mlandu ukutikhudza ifeyo. Mwambo wathu ndi woika maliro msanga. Munthu akamwalira usiku kumudzi, timamusambitsa, kumuveka sanda, kumuswalira janaza, ndipo dzuwa lisanapendeke tamuika. Izi n'zabwino ndipo tisazisiye. Koma nthawi zambiri palibe cholembedwa chimene chimatsala, ndipo imfayo siifika ku National Registration Bureau. Komiti ya mzikiti uliwonse ingathe kusunga kope limodzi la janaza: dzina, zaka, tsiku, mudzi, ndi zimene womwalirayo ankadwala monga anenera abale, kenako n'kulimbikitsa banja kukalembetsa imfayo kudzera kwa amfumu. Kope lotere likaonetsa maliro asanu a achikulire m'sabata imene kale inkakhala ndi amodzi, shehe adzakhala ndi chonena kwa alangizi a zaumoyo mliri usanakule.

Chakudza sichiimba ng'oma. Covid-19 itangochepa, kolera ya 2022 ndi 2023 inapha Amalawi oposa 1,700, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja anavutika kwambiri. Ku Kagera ku Tanzania kunabuka Marburg mu Malichi 2023 ndiponso mu Januwale 2025. Mliri wotsatira ukadzafika, wina adzatulutsanso foni pakhonde la mzikiti n'kutionetsa ndandanda watsopano. Tisanasankhe kupita ndi agogo kuchipatala kapena kuwasunga kunyumba, tidzamufunse kuti anawerenga ndani, anayeza anthu angati, ndiponso ndi miyezi iti imene kopelo linali lotseka.