Gitala wa Paul Ngozi ndi Chinyanja cha mu Lusaka

Ku Kabwata kuli msewu wotchedwa Paul Ngozi, koma m'makalasi athu a Chinyanja dzinali silimveka kawirikawiri. Tikuona kuti pamenepa aphunzitsife tikudzimana umboni wofunika.

Paul Dobson Nyirongo (1949–1989) anakulira ku Chibolya, ndipo kaimbidwe kake ka gitala kanatengera kwambiri kwa Jimi Hendrix. Ataimbako ndi gulu la Musi-O-Tunya, anakhazikitsa lake, Ngozi Family, momwe Chrissy Zebby Tembo ankaimba ng'oma. Gululi linatulutsa zimbale monga Day of Judgement mu 1976 ndi 45,000 Volts mu 1977. Olemba a kunja amatamanda kulira kwaukali kwa gitalayo, koma za chilankhulo cha nyimbozo sanenapo zambiri.

Tiyeni tione mutu wa nyimbo imodzi ya mu 45,000 Volts, "Nizakupanga Ngozi". Mwana wa sukulu atalemba motere, ambiri a ife tingamuchongere ndi inki yofiira n'kulemba "ndidzakupanga". Komatu palibe cholakwa apa. Mphatikiram'mbuyo ni- woimira wolankhula amapezekanso m'Chinsenga ndi m'Chitumbuka, ndipo -za- ndiye chizindikiro chokhazikika cha nthawi ya m'tsogolo m'Chinyanja cha m'tauni. Malamulo alipo, kungoti si a m'buku. Tionenso kuti liwu loti ngozi likugwira ntchito ziwiri: ndi tsoka limene womvera akuopsezedwa nalo, ndiponso ndi dzina la woimbayo. Womasulira m'Chingerezi angasunge tanthauzo limodzi lokha.

Sitikunena kuti zonse zimene Ngozi anapeka n'zakupsa. Nyimbo zake zina za m'Chingerezi, m'kumva kwathu, n'zosakhwima: mawu amangotsatira gitala pambuyo. Koma akatembenukira ku chilankhulo cha m'komboni, ziganizo zimafupika, zimagwa pamodzi ndi ng'oma, ndipo chidzudzulo chimaluma. Gitala anali wobwereka. Mawuwa anali akeake.

Chaka cha 1977 chomwecho Unduna wa Zamaphunziro unasindikiza malamulo a kalembedwe ka zilankhulo zisanu ndi ziwiri za Zambia, kuphatikizapo Chinyanja. Bukulo limatiuza momwe tiyenera kulembera. Chimbalecho chinasunga momwe anthu a mu Lusaka ankalankhulira. Wofufuza mbiri ya Chinyanja cha m'tauni ayenera kuziika ziwirizi pa tebulo limodzi. Mu 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, anatapako mbali ya nyimbo ija n'kuiika mu "Noid", motero achinyamata a maiko akutali anamva Chinyanja chimene ife timachikana m'mayeso.