Mphindi 18 za Ophika Matza

Wophika buledi aliyense amakondwa akaona mtanda wake ukufufuma. Koma kuli ophika ena amene luso lawo lonse lagona pa kuuletsa mtanda kufufuma, ndipo ndimawagomera kwambiri. Amenewa ndi Ayuda ophika matza ndi manja, mkate wopyapyala wa pa Pasaka umene owerenga Baibulo amakumana nawo mu Eksodo 12, pa nkhani ya Aisraeli amene anachoka ku Igupto mwaliwiro, mtanda wawo usanatupe. Pasaka amayamba pa 15 mwezi wa Chiyuda wa Nisan. Amatha masiku 7 ku Israel ndi masiku 8 kumayiko ena, ndipo masiku onsewa Myuda wosunga mwambo sadya kapena kusunga m'nyumba chilichonse chofufuma chochokera ku tirigu, barele ndi mbewu zina zitatu za mtundu womwewo. Uku ndi kusala kwa mtundu wake: munthu amadya ndithu, koma amadzimana chakudya chimene anazolowera tsiku ndi tsiku.

Zopangira zake ndi ziwiri basi, ufa ndi madzi. Mchere, mafuta kapena shuga siziloledwa. Vuto n'lakuti ufa ukangokhudza madzi umayamba kusasa wokha, ngakhale osathiramo yisiti. Aphunzitsi akale a malamulo a Chiyuda anayeza nthawi imeneyi ndi ulendo wapansi wa mtunda wotchedwa mil, womwe ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo am'mbuyo mwawo anaikhazikitsa pa mphindi 18. Ophika amaonetsetsa kuti kuchokera pamene dontho loyamba lagwera mu ufa kufikira pamene mkate watuluka mu uvuni, mphindizo zisathe.

Kuti mphindi zochepazo ziyende bwino, anthu amayamba kukonzeka kudakali pafupifupi chaka chathunthu. Matza olemekezeka kwambiri, otchedwa shmura, amachokera ku tirigu amene walonderedwa chikololereni kuti asanyowe. Ku Israel amamukolola chakumapeto kwa Meyi kapena mu Juni, masana dzuwa litaswa mtengo, mame atauma kalekale, rabi akuyang'anira. Amamusunga pouma, amamugaya m'chigayo choyeretsedwa ndipo samutsuka ngati momwe zigayo zina zimachitira. Madzi nawo ali ndi mwambo wake. Amawatunga pachitsime kapena pakasupe dzuwa likamalowa, n'kuwasiya agone usiku wonse pamalo ozizira, chifukwa madzi ofunda amafulumizitsa kusasa. Mkate wokumbutsa kuthawa kwa usiku umodzi umafuna kudekha kwa miyezi yambiri, ndipo apa m'pamene ndimaona kuti amene anakonza mwambowu ankaudziwa bwino ufa.

Nyumba zophikira zoterezi zimapezeka ku Jerusalem, ku Kfar Chabad, ndi m'madera a Ayuda a ku Brooklyn mumzinda wa New York. Kamangidwe kake kamatsatira ntchito. Ufa uli ndi kachipinda kake, madzi ali ndi kake, ndipo wogwira ufa sagwira madzi. Pakati pa tizipinda tiwiriti pamaima wokanda ndi beseni lake. Zenera la ufa limatseguka, muyeso umatsanulidwa, zenera limatsekedwa kuti fumbi la ufa lisauluke. Kenako limatseguka la madzi, ndipo wotchi imayamba kuwerenga.

Madzi amathira ochepa, motero mtanda umakhala wouma ndi wolimba kwambiri. Wokanda amausonkhanitsa ndi manja m'kanthawi kochepa, kenako umapita patebulo pamene ena amaupsinja ndi chitsulo chachitali chomangiriridwa mbali imodzi, kukweza ndi kutsitsa, mpaka usalale. Amauumba motalika, amaudula tizidutswa, n'kugawira opapatiza amene aima mondondozana m'mbali mwa tebulo lalitali, aliyense ndi kamtengo kake kopyapyala. Lamulo lalikulu pano n'lakuti mtanda usakhale chete. Ophunzira malamulo amati mtanda umene uli m'manja, ukukandidwa kapena kupapatizidwa, susasa. Woopsa ndi umene wasiyidwa patebulo. N'chifukwa chake munthu amene akudikira malo amangokhala akuufinya m'manja. Mayi aliyense amene anavundulapo nsima yambiri pa ukwati amadziwa kuti mthiko suima mphika uli pamoto, ndipo angamvetse msanga kutopa kwa mapewa a anthu amenewa.

Kupapatiza ndiko kumandisangalatsa koposa. Wopapatiza saloledwa kuwaza ufa patebulo kuti mtanda usamatirire, poti ufa wotsala pamwamba sungapse bwino ndipo ungadzanyowe pambuyo pake. Chimene ali nacho ndi mphamvu ya manja ndi kuzolowera. Amakankha, amatembenuza pang'ono, amakankhanso, mpaka kachidutswa kaja kasanduke chozungulira chachikulu ngati mbale, chopyapyala paliponse mofanana. Pakakhala pochindikala, mkati simupsa. Pakapyapyala mopitirira, pamang'ambika. Pogwira ntchitoyi amanena mokweza kuti akuchita zimenezi chifukwa cha lamulo la kudya matza, pakuti kwa iwo cholinga cha mumtima mwa wophika ndi mbali ya mkatewo.

Ukatha kupapatizidwa, wina amauyendetsa kachitsulo ka mano ambiri kamene kamaboola timabowo m'mizeremizere, kuti nthunzi ituluke ndipo mkate usatukumuke. Amauyanika pamtengo wautali, ndipo munthu wa pa uvuni amaulowetsa n'kuutambasula pansi pa njerwa zotentha ndi kupotoza dzanja kamodzi kokha. Uvuniwo umasonkhezeredwa ndi nkhuni kapena malasha, ndipo umatentha kwambiri moti mkate umapsa theka la mphindi lisanakwane. Munthu ameneyu amaima pamaso pa moto kwa maola ambiri, akulowetsa ena, akutulutsa ena, osasokoneza kuti unayamba kulowa ndi uti. Akapotoza dzanja molakwika mkate umapindika, ndipo wopindika amautaya, chifukwa m'kati mwa mpindowo mungatsale mtanda wosapsa. Wotukumuka nawonso amautaya. Woyang'anira amaunyamula umodziumodzi n'kuuunika.

Mphindi 18 zikatha, zonse zimaima. Amachotsa mapepala amene anayala pamatebulo n'kuyala atsopano. Timitengo topapatizira amatipala ndi sandipepa. Mabeseni ndi mipeni amatsuka n'kupukuta mpaka ziume. Anthu amasamba m'manja ndi kuonetsa zikhadabo, kuti kanyenyeswa ka mtanda wakale kasalowe mu watsopano. Kenako zenera la ufa limatsegukanso.

Makina anabwera, ndipo anabwera ndi mkangano. Mu 1838 Myuda wina wa ku France, Isaac Singer, wosiyana ndi uja wa makina osokera, anapanga makina opapatizira mtanda wa matza. Mu 1859 Rabi Shlomo Kluger wa ku Brody anawatsutsa poyera. Mwa zifukwa zake panali chakuti makina alibe mtima woti n'kukhala ndi cholinga, ndi chakuti amphawi amene ankapeza ndalama ya Pasaka popapatiza adzasowa pogwira. Rabi Joseph Saul Nathanson wa ku Lemberg, mzinda umene lero ndi Lviv, anayankha kuti makina ndi achangu ndipo amatsitsa mtengo kuti wosauka athe kugula. Kampani ya Manischewitz, imene inayamba ku Cincinnati mu 1888, inafalitsa matza a makina a ngodya zinayi, amene kudula kwake sikusiya zotsalira zofunika kuzikandanso. Kluger ndi Nathanson onse awiri ankaganizira wosauka, ndipo sindinganene kuti Nathanson analakwa. Komabe mtima wanga uli ndi matza a manja, okhotakhota, akuda m'mphepete, onunkhira utsi, amene palibe awiri ofanana. Mabanja ambiri amene amadya a makina sabata yonse amafunafunabe a manja oti aike atatu patebulo usiku woyamba. Ayuda ochokera ku Yemen ali ndi njira yawonso, yophika matza ofewa ndi ochindikalako, ndipo lamulo la nthawi ndi lomwelo.

Nyumba zophikira zikuluzikulu zimayamba kuphika kudakali miyezi ingapo, koma alipo ena amene amasunga mwambo wophika matza awo masana a tsiku lomaliza Pasaka asanalowe, tsiku lomwe ana oyamba kubadwa amayenera kusala. Imeneyi ndi nthawi yovuta kuposa zonse, chifukwa pofika masana amenewo lamulo loletsa kukhala ndi chofufuma layamba kale kugwira ntchito, ndipo kanyenyeswa kogwa pansi kakasasa kangawachimwitse. Choncho asanayambe amalengeza kuti nyenyeswa iliyonse imene igwe si yawo. Akatero amakanda, amapapatiza ndi kuthamangira ku uvuni akuimba masalimo oyamika Mulungu, ndipo mkate umene atulutsa amakaudya usiku womwewo.