Chiradzulu pa Mapu a Google: Kuona ndi Kudziŵa

Masiku apitaŵa tinakhala pansi kuti tione m'mene boma la Chiradzulu limaonekera pa Google Maps, mapu a pa intaneti amene anayamba m'chaka cha 2005. Tiyambe ndi kuyamika, pakuti ntchito yabwino iyenera kuyamikidwa. Munthu akangokhudza galasi la foni ndi chala, amaona phiri la Chiradzulu monga m'mene imalionera mphamba. Amaona msewu wa ku Zomba ukudutsa pa Njuli, pa Mbulumbuzi ndi pa Namadzi. Akakulitsa chithunzicho amaona madenga a malata ali mbee, ndi timinda tolumikizana ngati zigamba za nsalu. Pamenepo maso amatsimikiza zimene kalembera wa 2018 ananena m'manambala: anthu opitirira 350,000 ali thithithi m'boma laling'ono.

Koma kodi kuona ndiko kudziŵa? Tomasi Woyera wa ku Aquino anaphunzitsa kuti chinthu chimaloŵa m'nzeru molingana ndi mkhalidwe wa iye amene akuchidziŵa. Tsono tifunse: mapu aŵa amadziŵa Chiradzulu ngati yani? Ife tikuona kuti amamudziŵa ngati mlendo wa pa galimoto amene ali ndi ndalama m'thumba. Amafulumira kuloza pogulira mafuta, pogona ndi podyera, ndipo amalola odutsa kupereka nyenyezi kwa malo amene aŵakomera. Maina ambiri amaikidwapo ndi anthu okhala ndi foni ndi ndalama zogulira intaneti. Mayi wosenza nandolo kupita naye ku msika amayenda m'tinjira timene mapu salabadira, ndipo amadziŵa powolokera mtsinje m'dzinja, chinthu chimene diso la m'mlengalenga silingamuuze.

Chosoŵa chachikulu ndi nthaŵi. Pa mapu aŵa Magomero, Mbombwe ndi Nguludi ndi timadontho titatu totalikirana makilomita akutiakuti. Komatu pa Magomero ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie anamanga misoni yake mu 1861. Pa Mbombwe ndi pamene John Chilembwe anakhazikitsa Providence Industrial Mission mu 1900, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chinaphulitsidwa ndi asilikali a boma mu 1915. Misoni ya Nguludi, imene ansembe a chipani cha Montfort anaiyamba mu 1903, inatenthedwa m'Januwale wa 1915 yemweyo ndi anthu a mbali ya Chilembwe. Ife Akatolika sitiyenera kukumbukira moto umenewo n'kuiŵala chimene chinauyatsa, ndicho nkhani ya malo ndi thangata.

Ndipo nkhani ya malo ndi nkhani ya mapu. M'zaka zoyambirira za m'ma 1890 Harry Johnston anapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zotsimikiza kuti malo akutiakuti ndi ao. Ndi m'mene dera lalikulu la Magomero linakhalira munda wa A. L. Bruce. Mzere unalembedwa pa pepala, ndipo anthu okhala m'kati mwa mzerewo anasanduka alendi ogwira thangata. Amene anadza pambuyo, monga Alomwe ochokera ku Mozambique, anapeza goli lomwelo. Mzere uja sunaname pa za mitsinje ndi mapiri. Unangokhala chete pa za anthu. Lero Lamulo la Malo a Makolo la 2016 likulola kuti minda iyezedwe ndi kulembetsedwa. Kuno, kumene munda umatsata mbumba ndipo mkamwini amalima kwa mkazi wake, funso lakuti padzalembedwa dzina la yani si laling'ono. Chithunzi chojambulidwa kumwamba chimaonetsa mizere ya m'munda bwinobwino, koma sichidziŵa mwini mbumba. Tikuopa kuti wodziŵa kuŵerenga chithunzi adzapambana mlandu pamaso pa gogo wodziŵa pamene panali mtengo wa malire.

Tisaiŵalenso kuti chithunzi chilichonse chinajambulidwa tsiku lina lake, mwina miyezi kapena zaka zapitazo, ngakhale chimaoneka ngati cha lero. M'Malichi wa 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri n'kukokolola mudzi wa Mtauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Nyumba ikhoza kukhalabe chiimire pa galasi pamene eni ake analiridwa kale.

Pali njira ina imene tiiona kuti ndi yolongosoka koposa. Mapu a OpenStreetMap, amene anayamba mu 2004, amalembedwa ndi anthu odzipereka, ndipo aliyense akhoza kuonjezapo mjigo, mlatho, sukulu kapena dzina la mudzi. Ophunzira a pa Yunivesite ya Katolika ku Nguludi, aseminale athu ndi akatekisiti amene amayenda m'mphakati uliwonse angathe kugwira ntchito imeneyi bwino kuposa mlendo. Komabe ngakhale apa pafunika kufunsa mafumu ndi akuluakulu tisanalembe. Mjigo ulembedwe, inde. Nanga manda? Nanga malo a ndagala ndi thezo, kumene anamwali amalangidwa kutali ndi maso a anthu? Pali malo ena amene mudzi unaŵabisa dala, ndipo mnyamata wa foni alibe ulamuliro woŵaulula.