Nyimbo yosiya zam'dziko isiyenso phokoso

Palibe mutu umene oyimba nyimbo zauzimu m'Malawi muno amaukonda kuposa wa kusiya zam'dziko ndi kukonzekera moyo wosatha, ndipo ndi mutu womwewo umene ambiri akuuyimba mosasamala. Tsegulani wailesi Lamulungu m'mawa. Mawu akunena kuti chuma n'chakutha, thupi ndi dothi, munthu akonzeke nthawi isanathe. Koma kiyibodi ikuthamanga, ng'oma za pakompyuta zikugunda osapumira, ndipo pavidiyo woyimbayo wasintha suti katatu asanafike pa kolasi, atatsamira galimoto yonyezimira. Owulutsa mawu ndi oweruza mipikisano ya makwaya nawo amayeza nyimbo ndi funso limodzi: kodi ikuvinitsa? Nyimbo yotere yalephera pa luso lenilenilo, chifukwa mayimbidwe ake akutsutsa zimene pakamwa pakunena. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo wopeka wofuna kumwamba ndi bwalo la dansi m'nyimbo imodzi amagwa chimodzimodzi.

Nyimbo yonena za kusiya iyenera kusiya kanthu nayonso, ndipo khutu limve kuti kasiyidwa. Luso limeneli lilipo kale pakati pathu, ndipo malo ake enieni ndi kusiwa. Mvetserani amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano kapena a Dorika akamachezera pamaliro. Mmodzi amaponya mzere woyamba yekha, osakweza kwambiri. Gulu limavomera, ndipo woyambitsa uja amabwerera m'mbuyo, mawu ake n'kumira mwa anzake. Abambo amene ali panja pamoto amalowa ndi besi mochedwerako. Mzere ukatha pamakhala mpata, kamphindi kakuti onse akoke mpweya, ndipo mpata umenewo ndiwo mtima wa nyimbo yonse. M'menemo ndi mmene womva amalingalira za iye mwini, za ngongole ya chikhululuko imene sanabweze, za tsiku lake lomwe. Ndi luso lalikulu zedi kudziwa kutalika kwa mpatawo: ukafupika mawu amangodutsa, ukatalika nyimbo imaduka msana. Amayi amenewa amaudziwa popanda wowaimikira dzanja. Taonaninso zimene zachotsedwa: palibe chida, palibe woti aomberedwe m'manja, palibe dzina la woyimba. Kudzikana kumene mawu akulalikira kwachitika kale m'kayimbidwe.

Chichewa chenichenicho chimathandiza kayimbidwe kodekhaka. Tikamayankhula, timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa chiganizo, ndipo lomaliza limangotsika pang'onopang'ono. Wopeka wodziwa ntchito yake amaika noti yaitali pamalo amenewo, kotero kuti nyimbo imamveka ngati munthu akukulangiza pamaso. Nyimbo zambiri za m'buku la Nyimbo za Mulungu ndi la Khristu mu Nyimbo zinamasuliridwa pa mayimbidwe a ku Ulaya ndi ku America, amene nthawi zambiri amagogomeza phatikizo lomaliza, ndiye chifukwa chake mawu ena anadulidwa kuti akwanire. Komabe mipingo inazichiritsa nyimbozi poziyimba modekha, kuzikoka mpaka mawu atapeza malo ake. Tsono wina lero akatenga nyimbo yomweyo n'kuithamangitsa pa liwiro la makina, amabweza chilema chija n'kuwonjezapo china: mawu amatafunidwa, ndipo chimene chimatsala m'mutu mwa womva ndi kugunda kokha. Za kukometsa mawu ndi kompyuta mpaka munthu amveke ngati chitoliro sinditayapo nthawi. Amene akuyimba za kuima pamaso pa Mulungu wopanda chobisa ayambe waleka kubisa mawu ake.

Ena adzati Davide anavina pamaso pa likasa, ndipo Salimo 150 limatchula malipenga, azeze ndi zinganga. N'zoona, ndipo palibe amene akuletsa zida m'nyumba ya Mulungu. Gulu la Alleluya Band la ku Balaka, limene linayamba mu 1978, linaonetsa kalekale kuti gitala ikhoza kunyamula uthenga mwaulemu. Koma Davide ankavina chifukwa cha chimwemwe, ndipo salimolo ndi lotamanda. Nyimbo yotamanda ivinitse mpaka fumbi likwere. Nyimbo yolapa ndi yotsanzika dziko ili ndi ntchito ina: kumuimitsa munthu. Wopeka amene sasiyanitsa ntchito ziwirizi, amene nyimbo zake zonse zimayenda pa liwiro limodzi kaya akunena za kuuka kwa akufa kaya za chiweruzo, sanayambe kuganizira zimene akuyimba.

Enanso adzakumbutsa za kumpoto, kumene mishoni ya Livingstonia, makamaka m'nthawi ya Donald Fraser ku Loudon, inalimbikitsa Angoni monga Mawelera Tembo ndi Peter Thole kupeka nyimbo za mpingo pa mayimbidwe a makolo awo. Adzati ngati iwo anatenga za kunja kwa tchalitchi, achinyamata a lero alakwanji potenga zimene zili pa msika? Funsoli ndi labwino, koma yankho lake lili m'zimene anthuwo anatenga. Anatenga kayimbidwe ka gulu, ka kuponya ndi kuvomera, kamene mudzi wonse unkakadziwa ndipo kankafuna pakamwa pokha. Nyimbo zawo zinalowa m'buku la Sumu za Ukristu ndipo zikuyimbidwabe ndi anthu amene sadziwa n'komwe dzina la wopeka. Zimene ambiri akutenga lero ndi kaonekedwe ka katswiri woima payekha kutsogolo, gulu lili pansi kumuyang'ana. Chimenecho ndicho mtima wa zam'dziko umene kalata yoyamba ya Yohane imachenjeza: kukhumba kwa maso ndi kudzitama ndi za moyo uno. Sungachikane ndi milomo uku ukuchivala.

Mawu nawonso afunika kulimba mtima. Kungobwereza kuti dziko n'loipa sikupweteka aliyense, chifukwa aliyense amaganiza za mnansi wake. Nyimbo yamphamvu imatchula chosiyidwacho: chiphuphu cha muofesi, katapila, kulanda katundu wa mkazi wamasiye maliro asanaikidwe n'komwe, kaduka ka pa mpando wa mumpingo. Mawu olasa chotere amafuna kuyimbidwa pang'onopang'ono kuti alowe, ndipo mwina n'chifukwa chake opeka ofuna kuvinitsa amawazemba.

Choncho oweruza makwaya, eni masitudiyo ndi atsogoleri a mayimbidwe m'mipingo asinthe muyeso. Nyimbo iliyonse yonena za kukonzekera moyo wosatha iyesedwe magetsi atazimitsidwa, woyimba wotchukayo atakhala pansi. Ngati anthu wamba angathe kuiyambitsa, kuivomera ndi kuimaliza okha, mawu onse akumveka, ndiye kuti yapekedwa bwino ndipo iyenera mphoto. Ngati yafa pamodzi ndi kiyibodi, ibwezedwe kwa mwini wake akaipekenso.